Magdalena Njobvu ndi Madisiki Opanda Kanthu

Amene ankakwera minibasi ya m'mawa yochokera ku Palabana kupita ku Lusaka m'chaka cha 1998 amamukumbukira Magdalena Njobvu. Anali mayi wamtali, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo ankakhala pafupi ndi zenera atapanira chikwama chakuda pachifuwa. Ambiri ankangomudziwa kuti ndi amake Towela, mkazi wa Tenson wogulitsa mkaka. Chimene chinkamupititsa ku tauni sabata ndi sabata ankachidziwa anthu ochepa, ndipo mwini wake sankachinena.

Magdalena anabadwira pafupi ndi mishoni ya Kasisi. Makolo ake anachokera ku Katete, bambo ake atapeza ntchito m'dimba la mishoni, ndipo sanabwererenso kwawo. Ali mtsikana, sisitere wina wachikulire anamupeza akuyang'anitsitsa makina otayipira mu ofesi ya parishi, ndiye anamukhazika pampando. Ankamuphimba manja ndi nsalu kuti asamaone mabatani. Pomaliza sukulu zala zake zinali zitazolowera moti ankatayipa uku akucheza ndi munthu. Luso limenelo ndi limene linamupezetsa ntchito ku Lusaka, pa kampani ya boma yogulitsa feteleza ndi mbewu.

Ndi Tenson anakumana pa chikondwerero cha makwaya. Mwamunayo ankaimba besi, anali wamfupi, wa manja okhakhala chifukwa chokama ng'ombe pa famu ina. Anthu ankaseka kuti mkazi wa muofesi waona chiyani mwa munthu wonunkha ndowe. Chimene Magdalena anaona n'chakuti munthuyu sankafulumira pa chilichonse, ngakhale kukwiya kumene. Atakwatirana anapeza kamalo kufupi ndi Palabana, ndipo pang'onopang'ono Tenson anagula ng'ombe ziwiri za mkaka. Yaikuluyo, ya mawanga akuda ndi oyera, anaitcha Dona, ndipo pokama ankalankhula nayo ngati munthu. Magdalena ankagona kwa msuweni wake ku Mtendere m'kati mwa sabata, n'kumabwera kunyumba Lachisanu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Towela, anakulira kwambiri m'manja mwa bambo ake.

Makompyuta atafika ku ofesi, anzake otayipa anachita nawo mantha, koma Magdalena anawakonda tsiku lomwelo. Ankafika kunyumba n'kumafotokozera mwamuna wake kuti ukalakwitsa chilembo supakanso utoto woyera, umangobwerera m'mbuyo cholakwacho n'kuzimiririka. Tenson ankamvetsera akutsuka zigubu za mkaka, akumwetulira, ngakhale chinthucho anali asanachionepo.

Kenaka kampaniyo inagulitsidwa, monga zinachitikira makampani ambiri nthawi imeneyo, ndipo ntchito inatha. M'malo mwa gawo lina la ndalama zake zopumira, Magdalena anapempha kompyuta imene ankagwiritsa ntchito. Anamupatsa, koma eni atsopanowo anali atafufuta zonse za m'kati. Atailumikiza ku magetsi m'kachipinda kamene anachita lendi kuseri kwa golosale ya mnzake Nelesi, pa mashopu a m'mbali mwa msewu ku Palabana, galasi linangoti bii, kachilembo kamodzi kakuphethira pakona. Popanda pulogalamu yolembera, kompyutayo inali bokosi chabe. Anaifunditsa chitenje n'kubwerera ku makina ake akale otayipira.

Kwa kanthawi ntchito inkapezeka: makalata ofunsira ntchito, mayeso a ana asukulu, zolengeza za kutchalitchi. Koma anthu anayamba kufunsa kuti, "Simuchita ya pa kompyuta?" Ahedi a masukulu anayamba kupita ndi mayeso awo ku tauni. Nthawi yomweyo miyendo ya Tenson inayamba kutupa. Akakwera kachitunda kakang'ono ndi njinga ya mkaka ankatsika n'kukhala pansi, akupumira m'mwamba. Ku chipatala anati ndi mtima, ndipo anamuletsa njinga.

M'masiku amenewo ndi pamene Magdalena anaona chilengezo m'nyuzipepala imene inali pa kauntala ya Nelesi. Chinkati kampani ina ikutseka, ndipo ikugulitsa motchipa mapulogalamu ake ogwiritsidwapo kale ntchito, enieni, m'mabokosi ake, pamodzi ndi mabuku ake. Atsopano a m'sitolo anali pa mtengo umene iye sakanaulota n'komwe. Anang'amba kachilengezoko n'kukwera minibasi.

Ofesiyo inali pamwamba pa nyumba ina ya masitepe kufupi ndi msewu wa Cairo. Munali tebulo, mipando iwiri ndi kompyuta yoyaka. Mwamuna wa tayi amene anamulandira anati dzina lake ndi Boyd.

"Nkhalani apa, amai, muyese nokha," anatero akumukokera mpando.

Magdalena anaika zala pa mabatani. Tsamba loyera linali patsogolo pake, monga la ku ntchito kuja, ndipo mawu anayamba kutuluka okha. Anamva ngati wakumana ndi mbale wake amene anasowa kalekale.

"Iyee, imwe ndimwe akatswiri!" anatero Boyd akuomba m'manja. "Anthu monga imwe ndiye nifuna kugulitsa, osati aja osadziwa na poyatsira."

Anamufotokozera kuti mabokosiwo ali ku likulu lawo ku Kitwe. Iye saloledwa kulandira ndalama pamanja, kuopa kuba. Wogula amapita ku banki, n'kutumiza pa waya ku akaunti ya ku Kitweko, ndipo katundu amabwera pa basi. Mawu amenewa ndi amene anamukhazika mtima pansi Magdalena. Anaganiza kuti wakuba sangakane ndalama ya pamanja.

Madzulo ake anamupeza Tenson atakhala panja, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Anamuuza zonse, n'kumaliza ndi mtengo wake.

"Ni ndalama zambiri, atate a Towela. Tiiwale chabe."

Tenson anayang'ana ku khola.

"Ine njinga yanikana," anatero. "Mkaka wa ng'ombe ziwiri Towela sangaukwanitse yekha. Tigulitse Dona."

"Iyayi. Ngati ni kugulitsa, gulitsani inayo."

"Inayo siingakwane. Amake Towela, mwakhala mukuniuza za chinthu ichi zaka na zaka. Nifuna nikuoneni mukugwira nacho ntchito, nikali na maso."

Wogula anabwera ndi lole. Dona anakana kukwera, anthu akumukoka ndi kumukankha, mpaka Tenson anadzuka ndi miyendo yake yotupayo, n'kugwira chingwe, n'kuyamba kumunong'oneza. Ng'ombeyo inamutsatira mpaka m'lole. Galimoto itachoka, Tenson anapita kuseri kwa khola, ndipo sanabwereko mpaka dzuwa litapendeka.

Ku banki, mtsikana wa pa kauntala anawerenga fomu n'kudzutsa mutu. Pachifuwa pake panali dzina lakuti Virginia.

"Amai, aba anthu muwadziwa bwino? Ndalama ikapita pa waya, yapita."

"Niwadziwa," anayankha Magdalena, n'kusaina.

Bokosilo linafikadi pa basi. Linali lokongola, lolemera, lokutidwa ndi pulasitiki. Tsiku loti alitsegule, Tenson anavala jekete lake la kutchalitchi n'kupempha mnansi wawo kuti amunyamule pa ngolo mpaka ku mashopu. Towela anam'khazika pa benchi pakhomo la kachipinda kaja. Nelesi naye anasiya golosale kudzaonerera.

Magdalena anachotsa chitenje, anayatsa kompyuta, n'kulowetsa disiki yoyamba ya m'bokosimo. Makinawo analira pang'ono, kenaka panatuluka mawu akuti mu disikimo mulibe kanthu. Anaitulutsa, anaipemerera, anailowetsanso. Chimodzimodzi. Anayesa yachiwiri, yachitatu, mpaka bokosi lonse. Atatsegula buku limene linabwera ndi madisikiwo kuti aone pamene walakwitsa, anapeza kuti chikuto chokha ndicho chinali cha pulogalamu. Masamba a m'kati anali a makina ojambulira mapepala, omatidwa ndi guluu.

"Yayamba?" anafunsa Tenson ali pakhomo.

"Kapena nalakwitsa penapake," anatero Magdalena osatembenuka.

Tenson anayang'ana manja a mkazi wake. Anali akutembenuzabe masamba aja. Anangouza Towela kuti akaitane wa ngolo uja.

M'mawa mwake Magdalena anapeza ofesi ija yokhoma. Posuzumira pa galasi anaona chipinda chopanda ngakhale mpando. Mlonda wa pansi anamuyang'ana mwachisoni.

"Anachoka, amai. Anangobwereka malo kanthawi kochepa. Simuli oyamba kubwera, dzulo kunali bambo wina wa ku Kafue analira apa pamene mwaimapa."

Nambala ya foni ya m'nyuzipepala ija inali ya sitolo ina ya nsapato, kumene ankangomusungira mauthenga Boyd. Iwonso sankadziwa kumene amakhala.

Pobwerera, Magdalena anatsika minibasi patali dala kuti ayende wapansi, akukonza mawu oti akanene. Ankafuna mwamuna wake akakalipe, akamutukwane, akamufunse chifukwa chimene sanafufuze. Koma atamaliza kufotokoza, Tenson anangosendera pa mphasa.

"Basi, zachitika. Nkhalani pansi, mwatopa."

Kufatsa kumeneko kunamupweteka kuposa mbama. M'mawa uliwonse ankaona mwamuna wake akuyang'ana ku khola kumene kunatsala ng'ombe imodzi, ndipo ankadziuza kuti ndalamayo aibweza, zivute zitani, akamuombole Dona.

Anabwerera ku banki. Virginia anamuzindikira, ndipo atamva nkhaniyo anagwira pakamwa. Anamuuza kuti ayambe wakanena ku polisi. Ku polisi analemba zonse n'kumupatsa kapepala. Ku banki anati alembe kalata yodandaula. Anaitayipa yekha pa makina ake akale, yopanda cholakwa ngakhale chimodzi. Anati abwere sabata yamawa. Atabwera anati nkhaniyo aitumiza ku Kitwe. Atabweranso anati a ku Kitwe sanayankhe. Ulendo wina anati amene amasamala zimenezi ali pa tchuthi. Magdalena anazolowera benchi ya m'bankimo moti mlonda wa pakhomo anasiya kumufunsa chimene wadzera. M'chikwama chakuda chija munali lisiti, kapepala ka ku polisi ndi madisiki aja, amene ankawaonetsa aliyense wovomera kuwayang'ana.

"Amai," anatero Virginia tsiku lina motsitsa mawu, "nikuuzani monga mwana wanu. Akaunti ija anachotsamo zonse tsiku lomwe ndalama inafika. Banki siingakubwezereni, chifukwa munasaina nokha."

"Nanga banki inamutsegulira bwanji akaunti munthu wakuba? Sanafunse kumene akhala?"

"Anapereka mapepala abodza."

"Ndiye wolakwa ni ine neka? Imwe amene munalandira mapepala abodza mulibe mlandu?"

Virginia anagwetsa nkhope. Analonjeza kuti ayesetsa kuti amanijala aakulu amuone.

Ulendo uliwonse unkadya ndalama ya mkaka wa ng'ombe yotsalayo. Towela, amene anali atangomaliza sukulu, ndiye ankakama, kupalasa njinga, kuphika ndi kusamalira bambo ake. Tenson anali atasiya kugona chagada chifukwa mpweya unkamuthera, ankagona chokhala atatsamira mapilo. Kutupa kunakwera mpaka m'mimba.

"Amake Towela, ilekeni nkhani iyi," ankatero. "Ng'ombe ni ng'ombe."

"Nifuna niibweze pakhomo pano."

"Ine nifuna imwe pakhomo pano."

Magdalena ankamva mawuwo, koma sankawalola kulowa. Kukhala pansi pafupi ndi mwamuna wake kunali kuyang'anizana ndi chimene anamutayitsa. Mu minibasi ndi pa benchi ya ku banki ankamva ngati akuchitapo kanthu.

Uthenga unafika kudzera pa foni ya ku golosale ya Nelesi kuti amanijala amuona Lachinayi. M'mawa wa tsikulo Tenson anadzuka wopepukirako. Anapempha kuti amutulutsire mpando padzuwa, ndipo anamwa tiyi kapu yonse. Magdalena atatuluka atavala za ku tauni, mwamuna wake anam'gwira dzanja.

"Lero musapite. Kunja kwacha bwino. Munithowe miyendo, ticheze."

"Ni lero leka, atate a Towela. Amanijala eni ake aniitana. Nikabwera kumeneko sinipitanso, zikhale bwanji zikhale bwanji."

Tenson anamuyang'ana, kenaka anamasula dzanja lija pang'onopang'ono.

"Chabwino. Mukanigulireko malalanje."

Ku banki anamudikiritsa Magdalena mpaka masana. Amanijalawo anali bambo waulemu, ndipo anamuitanitsira tiyi. Anamvetsera nkhani yonse osamudula. Kenaka anati anthu amene anaberedwa ndi akaunti imeneyo ndi ambiri, kuti apolisi akufufuza, kuti banki ikumva chisoni kwambiri. Koma banki inachita zimene mwini ndalama anailamula, ndipo palibe chimene ingabweze. Akagwidwa wakubayo, akhoza kukamusumira ku khoti. Anaimirira n'kumupatsa dzanja.

Magdalena sanalire. Anadabwa kuti m'malo mwake anamva thupi kupepuka. Nkhani yatha, tsopano apita kunyumba. Pa siteshoni anagula malalanje, anasankha okoma, akutsutsana ndi wogulitsa za mtengo. Mu minibasi ankaganiza zoti mawa akatenthetsa madzi, akakhala pa mphasa, ndipo akamuuza mwamuna wake kuti ananena zoona.

Atatsika pa mashopu anaona golosale ili yotseka, chinthu chimene sichinkachitika masana. Nelesi anali ataima pansi pa mtengo, atamanga chitenje m'chiuno ndi duku kumutu. Anabwera n'kumulanda chikwama ndi jumbo ya malalanje.

"Tiyeni, amake Towela. Tiyendere pamodzi."

"Chachitika n'chiyani?"

"Tiyeni chabe."

Asanafike n'komwe, Magdalena anaona mipando ndi tebulo zitatulutsidwa panja, amuna atakhala m'magulu pansi pa mtengo wa mango, utsi ukukwera kuseri kwa nyumba. Kenaka anamva kulira kwa amayi. Anagwa pomwepo m'njira.

Towela anamuuza pambuyo pake kuti bambo ake anakhala padzuwa paja mpaka chakumasana. Anafunsa kawiri ngati minibasi yadutsa. Kenaka anati akufuna kutsamira pang'ono, ndipo pamene mwanayo amabwera ndi pilo anapeza mutu wawo utagwera pachifuwa.

Maliro atatha Magdalena sanapitenso ku banki, ndipo kwa miyezi ingapo sanatsegule kachipinda kake ka ku mashopu. Ankadzuka, kusesa, kukhala. Anthu a kwaya ankabwera kudzaimba naye, iye n'kumangoyendetsa milomo. Palibe amene anamunena kuti analakwa. Achibale a mwamuna wake ochokera ku Chipata anamuchitira ulemu, sanatenge kanthu pakhomopo. Koma iye ankati akayang'ana pamalo pamene pankakhala mpando paja, ankamva dzanja lija likumasuka pa dzanja lake.

Chaka chotsatira, mvula itatha, pa sukulu ya sekondale ya kufupi kunabwera mphunzitsi watsopano wa masamu, dzina lake Humphrey Sakala. Atamva kwa Nelesi kuti kuseri kwa golosale kuli kompyuta yongokhala, anapempha kuti aione, poti anali atatopa kupita ndi mayeso ku tauni. Towela anawakakamiza mayi ake mpaka anavomera kukatsegula.

Mphunzitsiyo anabwera ndi madisiki ake m'thumba la jekete, omangidwa ndi mphira. Anapukuta fumbi, anayatsa, n'kuyamba kulowetsa imodziimodzi uku akucheza ndi Towela za zotsatira za mayeso. Tiyi amene Nelesi anabweretsa asanazizire n'komwe, tsamba loyera linaonekera pa galasi.

"Yatheka, amai. Bwerani muyese."

Magdalena anaima chilili.

"Ni izi chabe?" anafunsa.

"Ni izi chabe. Ife timangopatsana tokhatokha."

"Nikupatseni zingati?"

Humphrey anaseka. "Iyayi, amai, palibe cholipira. Muzingonitayipira mayeso pa mtengo wabwino."

Mphunzitsiyo sankadziwa nkhani ya pakhomopo, ndiye anadabwa kuona mayiyo akugwira khoma, kenaka n'kukhala pansi pa simenti. Magdalena analira kulira kumene sanalire ngakhale pa manda, mokweza, pakamwa pali yasa, mpaka ogula a m'golosale anatuluka kudzaona. Humphrey anayang'ana Towela kuti amuuze chimene walakwa. Towela anangopukusa mutu, n'kugwada pansi kuwafungatira mayi ake.

Kompyutayo inagwira ntchito. Magdalena anaphunzitsa mwana wake ataima kumbuyo kwake, akumuuza pamene chala chilichonse chiyenera kukhala, koma iye mwini sanakhalenso pampandopo. Masukulu anabweza mayeso awo, ndipo kachipinda kaja kanawadyetsa awiriwo, mpaka Towela anadzilipirira kozi ya ukalaliki ku Lusaka. Za Boyd sizinamvekenso. Ena ankati anagwidwa ku Ndola, ena ankati anawolokera ku Zimbabwe, koma Magdalena sanafune kufufuza.

Iye anatenga ntchito ya ku khola. Anali asanakamepo ng'ombe chibadwire, ndipo masiku oyamba inkamuponda ndi kumutayira mkaka. Mnansi wa ngolo uja anamuphunzitsa kumanga miyendo ndi kutsuka mawere ndi madzi ofunda. Zala zake zinakhakhala, zikhadabo zinathyoka. Anakhala pamalopo mpaka ukalamba, ndipo ana amene anakulira m'deralo pambuyo pake sankadziwa n'komwe kuti agogo ogulitsa mkaka aja anagwirapo ntchito mu ofesi.